Kujambula Mlalang'amba: Yambani mu Meyi, Tauni Ikhale Kumbuyo Kwanu

Lilongwe ali madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa equator, ndipo kwa wojambula nyenyezi umenewu ndi mwayi waukulu. Chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba, chija chili pakati pa magulu a nyenyezi a Scorpius ndi Sagittarius, kuno chimakwera mpaka kufika pafupi ndi paliwombo. Ku Britain amachiona chili m'munsi kwenikweni, chitaphimbika ndi nkhungu, moti ena amachita kukwera ndege kupita ku Namibia kuti akachijambule bwino. Ife vuto lathu ndi lina. Tikachedwa chimakwera kwambiri, osathekanso kulowa m'chithunzi chimodzi ndi phiri, mtengo kapena nkhokwe. Chithunzi cha nyenyezi zokhazokha, chopanda nthaka, sichiuza munthu kuti munaima pati.

N'chifukwa chake oyamba kumene ndimawauza kuti asadikire Julayi. Chapakati pa Meyi chigawo chowalacho chimatuluka cha m'ma 7:30 madzulo, kum'mawa kopendekera kumwera, ndipo pofika 9 koloko chimakhala chitakwera pamlingo woti phiri likwane pansi pake. Mvula imakhala itangosiya kumene, mpweya uli wotsukika. Mu Julayi, 10 koloko usiku chili kale pamutu, khosi n'kumapweteka. Kuyambira Ogasiti tchire layamba kupsa, utsi ndi fumbi zadzaza mlengalenga, nyenyezi za m'munsi zimazimirira. Mu Sepitembala ndi Okutobala chimatsikira kumadzulo anthu asanagone, ndipo pamenepo mungajambulenso ngati utsi wakuchitirani chifundo.

Mwezi wa kumwamba nawo muuwerengere. Kuchokera pamdima kufika pamdima wina pamapita masiku 29 ndi theka, ndipo masiku abwino ndi ochepa aja ozungulira mdimawo. Pulogalamu ya Stellarium, yomwe ili pafoni komanso pakompyuta, imaonetsa pomwe mwezi ndi Mlalang'amba zidzakhale pa tsiku ndi ola lililonse, ndiye mutha kukonza ulendo muli pakhonde.

Nkhani ya malo ambiri amaiphonya. Amangoti bola kutuluka m'tauni, osaganiza kuti lenzi iloza kuti. Magetsi a ku Kanengo, a mu Old Town ndi a m'misewu amapanga chiwalo chofiirira chimene chimaonekabe muli makilomita ambiri kutali, ndipo kamera imachiona kuposa maso. Mu Meyi mukhala mukuloza kum'mawa, choncho pitani mbali ya Nkhoma kapena cha ku Dedza kuti tauni ikhale kumbuyo kwanu. Dzalanyama ali kumwera chakumadzulo kwa mzinda, ndiye amayenera kwambiri miyezi imene Mlalang'amba ukulowa kumadzulo. Fikani dzuwa lisanalowe, muone poponda, musankhiretu choika kutsogolo kwa chithunzi. Mu Meyi minda ili ndi mikukwe ya chimanga, zigafa za fodya zili chiimire, ndipo zimenezi zimakoma pansi pa nyenyezi kuposa mtengo uliwonse wongoima pawokha.

Musanatsitse katundu m'galimoto, kaonekereni kwa amfumu. Mlendo wofika usiku ndi chitsulo cha miyendo itatu ndi tochi yofiira amadzutsa mafunso, ndipo amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 akudziwa kuti mafunso otere amatha moipa. Fotokozani masana, onetsani zithunzi pakamera, pemphani mnyamata wa m'mudzimo akuperekezeni, ndipo mumuthokoze ndi kangachepe. Chinanso, kankhalango kokongola ka mitengo yachilengedwe kamene kali pakati pa minda m'chigawo chino kawirikawiri ndi manda. Kumeneko sikolowa mwachisawawa, usiku kapena masana.

Tsopano kamera. Iliyonse yokhala ndi M pa gudumu lake, pomwe mumasintha zonse ndi manja, ikwanira, ngakhale ndi lenzi ija imabwera nayo ya 18-55mm. Ikani pa 18mm, tsegulani bowo la lenzi mpaka f/3.5, ISO, yomwe imakweza kuwala kwa chithunzi, yambirani pa 3200, ndipo jambulani mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, chifukwa JPEG imataya zambiri zimene mudzazifune pokonza. Chovuta ndi kutalika kwa nthawi ya shutter, nthawi imene kamera imakhala yotsegula kuti kuwala kulowe. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye mukatsegula nthawi yaitali nyenyezi zimatambasuka n'kumaoneka ngati njere za mpunga. Ojambula amagwiritsa ntchito kawerengedwe kosavuta: gawani 500 ndi kutalika kwa lenzi. Pakamera ya sensa yaing'ono, yambani mwachulukitsa kutalikako ndi 1.5 ngati ndi Nikon kapena Sony, 1.6 ngati ndi Canon. Lenzi ya 18mm pa Nikon ikhala 27, ndipo 500 kugawa ndi 27 ndi masekondi 18. Kawerengedwe kameneka ndi ka nthawi ya filimu, makamera a masiku ano amaonetsa msanga kutambasukako, ndiye ine ndimatsikira pa 15 kapena 13.

Fokasi ndiye imagwetsa anthu ambiri. Mumdima autofocus imangosakasaka osapeza kanthu. Izimitseni, yatsani sikirini, lozani nyenyezi yowala ngati Alpha Centauri, imodzi mwa ziwiri zija zoloza ku Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, kulitsani mpaka pamapeto, ndipo potokolani lenzi pang'onopang'ono mpaka nyenyeziyo itakhala kadontho kakang'ono kwambiri. Musakhulupirire chizindikiro cha infinity cholembedwa palenzi. Mukapeza, matani ndi selotepi. Zimitsaninso stabiliser, yoletsa kugwedera kwa chithunzi ija, ikani timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera. Ngati mulibe tripod, chitsulo cha miyendo itatu chija, thumba la nyemba pamwala limagwira ntchito, kungoti muvutika poloza m'mwamba. Wa foni achitenso chimodzimodzi, alowe mu Pro pakamera ya foniyo, akweze masekondi mpaka pomwe foniyo ikulola.

Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungosuzumira WhatsApp kamodzi mwabwerera poyambira. Chepetsani kuwala kwa sikirini ya kamera, chifukwa mumdima imanamiza, chithunzi chimaoneka chowala koma mukafika kunyumba chili bii. Yang'anani histogram, galafu yoonetsa kuwala kwa chithunzi, kaphiri kake kasamamatire kumanzere. Usiku wa Juni mame amagwa palenzi osadziwa, ndipo kuzizira kumamaliza batire msanga, ndiye yapadera ikhale m'thumba la jekete.

Chinthu chimodzi chimasiyanitsa chithunzi cha woyamba ndi cha katswiri kuposa mtengo wa kamera. ISO ikakwera, chithunzi chimadzaza timadontho tosokoneza tija timati noise. Timadontho timeneti timagwa malo osiyana pachithunzi chilichonse, pomwe nyenyezi ndi zomwezo. Choncho musajambule chimodzi. Jambulani 16 motsatizana osakhudza tripod, zomwe pa masekondi 15 ndi mphindi 4 zokha. Pulogalamu yaulere ya Sequator pa Windows imaziphatikiza, kulinganiza nyenyezi, n'kusiya nthaka ili chilili mukaisonyeza pomwe thambo lathera. Zithunzi 4 zimachepetsa noise ndi theka, 16 zimaitsitsa kanayi. Kuti nthaka ioneke, walitsani tochi yofooka kuchokera chammbali kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Mukawalitsa muli kumbuyo kwa kamera chigafa chimatuluka chopanda mthunzi, chosakoma.

Pokonza, Lightroom ndi yolipira, koma darktable ndi RawTherapee ndi zaulere ndipo zimakwanitsa zonse zimene woyamba akufuna. Yambani ndi white balance, yowongolera mtundu wa kuwala, cha pa 4000K, kenaka sunthani mpaka thambo lisiye kufiirira koma lisafike pa buluu wa inki. Pali poyesera: Antares, nyenyezi ya pamtima pa Scorpius, ndi yofiirira ngati lalanje, ndipo pakati pa Mlalang'amba pali chikasu chotuwirako chodukizidwa ndi mizere yakuda ya fumbi. Antares ikasanduka yoyera kapena yapepo, mwapyola. Kenaka patulani thambo ndi nthaka pogwiritsa ntchito mask, chida chosankhira mbali imodzi ya chithunzi, chifukwa chimene chikukometsa kumwamba chimaononga pansi. Kumwamba onjezani contrast, kusiyana kwa powala ndi pamdima, pogwiritsa ntchito chida cha curve pang'ono pang'ono, pansi tukulani mithunzi mpaka mikukwe ioneke koma usiku ukhalebe usiku. Clarity ndi dehaze, zida zoonetsa zinthu mwakuthwa ndi kuchotsa nkhungu, zimakopa, ndipo zithunzi zambiri zimene ndimaona pa Facebook zafera pamenepo, mitengo itazunguliridwa ndi mkombero woyera. Thambo lenileni si lakuda bii, limakhala ndi kuwala kwake pang'ono, nthawi zina kobiriwirako, kochokera mumpweya wa m'mwamba. Musakufufute.

Kuchotsa noise ndi kunola chithunzi kubwere komaliza, mutachikulitsa pa 100 peresenti kuti muone ngati tinyenyezi tating'ono sitikufufutika. Sungani RAW ndi kope lalikulu pambali. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi pulogalamuyo ichifinya ndipo thambo mwalivutikira lija lifika kwa mnzanu lili mabangamabanga.