Mkangano wa "Nsima inaphikiridwa ana" unayambira kutali

Nthawi ndi nthawi pamabuka mtsutso pakati pa aphunzitsi a Chichewa ndi okonza nkhani pa chiganizo ngati chakuti "Nsima inaphikiridwa ana". Ena amati ndi Chichewa chabwinobwino, pomwe ena amati cholondola ndi "Ana anaphikiridwa nsima" basi. Ambiri mwa otsutsanawa sadziwa kuti akadaulo a zilankhulo ku America analimbana ndi ziganizo zamtundu womwewu kwa zaka zoposa khumi.

Cha mu 1981, kadaulo wa zilankhulo Noam Chomsky anafalitsa ganizo lakuti zilankhulo zonse zili ndi maziko amodzi a malamulo, ndipo zimangosiyana pa zisankho zochepa zomwe mwana amatola pomvera akuluakulu. Mark Baker anatengera ganizoli ku Chichewa m'buku lake la mu 1988, ndipo anafotokoza kuti mu msintho womchitira, monga "phikira", kachidutswa ka -ir- kali ngati mperekezi amene walowa m'kati mwa mneni, kotero kuti mneniyo amagwiritsitsa pamtherankhani mmodzi yekha, yemwe ndi womchitirayo. N'chifukwa chake timati "Mayi anawaphikira ana nsima", koma "Mayi anaiphikira ana nsima" imawakwiyitsa ambiri m'makutu.

Vuto linali lakuti umboni sunkagwirizana. Zitsanzo za Sam Mchombo, Mmalawi amene anakaphunzitsa pa yunivesite ya ku Berkeley ku America, zinkasiyana ndi zomwe Lee Trithart analemba mu 1977, ndipo m'malo monena kuti wina analakwitsa, akadaulo anagawa chilankhulochi pawiri nkuchitcha Chichewa-A (cha Mchombo) ndi Chichewa-B (cha Trithart, chomwe chimalola ziganizo ngati "Nsima inaphikiridwa ana"). Mchombo anayamwira Chichewa kubere, choncho mawu ake ndi olemera. Komabe khutu la munthu mmodzi, ngakhale lakuthwa chotani, silingaimire Dedza, Chipata ku Zambia ndi Angónia ku Mozambique nthawi imodzi, ndipo zilembo A ndi B sizitiuza mudzi kapena boma kumene kalankhulidwe kalikonse kamapezeka.

Zinthu zinatembenuka mu 1990, pamene Joan Bresnan wa pa yunivesite ya Stanford ndi Lioba Moshi anayerekeza Chichewa ndi Chichaga cha ku Tanzania, cha anthu a m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro. M'Chichaga, chakudya ndi wophikiridwa yemwe, aliyense akhoza kukhala mwininkhani mu msintho wochitidwa, ndipo onse awiri akhoza kuimiridwa m'kati mwa mneni nthawi imodzi, zomwe Chichewa cha Mchombo chimakana. Bresnan ndi Moshi, potsata chiphunzitso cha Lexical-Functional Grammar chomwe chimakana zoti mawu amasuntha kuchoka pamalo pena kulowa mwa mneni, anati kusiyana konseku kumachokera pa lamulo limodzi lonena kuti pamtherankhani mmodzi yekha ndiye angakhale ndi ufulu wonse m'chiganizo. Chiswahili ndi Chichewa-A zili ndi lamuloli, pomwe Chichaga, Chinyarwanda ndi Chichewa-B zilibe.

Mbali zonse ziwiri, ya Baker ndi ya Bresnan, zinapitiriza kukonza mfundo zawo, ndipo Mchombo anasonkhanitsa zake m'buku la mu 2004 lomwe linasindikizidwa ku Cambridge. Chodziwika n'chakuti palibe mbali yomwe inati olankhula Chichewa-B ndi osaphunzira, ndipo Bresnan ndi Moshi anawaika m'gulu limodzi ndi anthu mamiliyoni a ku Rwanda, amene kwa iwo chiganizo chotere n'chachibadwa. Wophunzira amene wathethedwa ndi cholembera chofiira chifukwa cha nsima yophikiridwa ana ali ndi mboni zimenezo.