Mwendo wotopa umatera molakwika: tetezani bondo pa masewera odumpha

Uthengawu ndi wa osewera mpira wa ntchemberembaye, wa miyendo, volleyball ndi basketball muno mu Blantyre, komanso makochi, aphunzitsi a zamasewera ndi makolo.

Mukadzapita ku Blantyre Youth Centre kukaonera ntchemberembaye, mudzasiye kaye kuyang'ana mpira, mudzayang'ane mawondo a mtsikana mmodzi. Kota yoyamba akadumpha kuwakha mpira amatera mwakachetechete, zala za kuphazi zikuyamba kugunda pansi, bondo ndi chiuno zikupindika pamodzi. Pofika kota yachinayi, atathamanga kale mphindi 45, phazi limamveka kuti phwa pa simenti, thupi limapendekera mbali imodzi, ndipo bondo limagwera mkati ngati likufuna kukakhudza linzake. Mwiniwakeyo sadziwa kuti katerede kake kasintha. Mukamufunsa akuuzani kuti akadali bwino.

Chimachitika n'chiyani m'mwendomo?

Munthu akatera kuchokera m'mwamba, mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kangapo. Imene imameza mphamvuyo ndi minofu: ya m'katumba, ya kutsogolo kwa ntchafu, ya kumbuyo kwa ntchafu ndi ya m'matako. Minofuyi imayamba kukungika phazi lisanafike n'komwe pansi, kenaka n'kumamasuka pang'onopang'ono ngati mabuleki a minibasi yotsika mtsetse wa ku Ndirande.

Ikatopa, mphamvu yake imachepa ndipo imachedwa kugwira. Nawo uthenga umene mfundo za mafupa zimatumiza ku ubongo, wonena pamene bondo lili ndi mmene lapindikira, umayamba kusokonekera. Ena akatopa amatera mwendo uli chiwongokere, ena amangofwamphukira pansi osatha kudzigwira. Minofu ya m'mbali mwa matako ikafooka, ntchafu imapotokera mkati, bondo n'kutsatira. Katundu amene minofu yalephera kunyamula amagwera pa mitsempha yomanga mafupa.

Pakati penipeni pa bondo pali mtsempha wina waufupi umene madokotala amautchula kuti ACL. Umalumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, ndipo ntchito yake ndi kuletsa fupa la m'munsilo kutsetserekera kutsogolo kapena kupotoka. Anthu ambiri amene mtsemphawu unawadukira sanachite kugundidwa ndi mnzawo. Anangotera, kapena kuima mwadzidzidzi, kapena kukhota. Umaduka msangamsanga phazi likangogunda pansi, nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Palibe angaganize zokonza bondo m'kanthawi kotero. N'chifukwa chake katerede kabwino kayenera kulowa m'thupi pa mapulakatisi, kufikira mwendo uzichita wokha ngakhale mutu uli pa mpira.

Atsikana ndi amayi amavulala mtsempha umenewu kawirikawiri kuposa anyamata osewera masewera omwewo. Pa ntchemberembaye vutoli limakula chifukwa cha lamulo la mapazi: ukawakha mpira suloledwa kuthamanga nawo, ndiye nthawi zambiri liwiro lonse limathera pa mwendo umodzi. Ngakhale akatswiri vutoli siliwasiya. Mwawi Kumwenda anaduka ACL m'chaka cha 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Anachitidwa opaleshoni, anakhala kunja miyezi yambiri, ndipo mu 2020 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa fainolo imene timu yake inatenga chikho. Iye anali ndi madokotala ndi akatswiri a mafizo pambali pake tsiku ndi tsiku. Mwana wa ku Bangwe kapena ku Chilobwe akaduka mtsempha womwewu pa bonanza, nthawi zambiri mpira wake umathera pomwepo, ndipo bondolo limadzamuvutitsa ndi nyamakazi akadali wamng'ono. Ichi ndicho chimandiwawa, chifukwa zambiri mwa ngozi zimenezi n'zopeweka.

Zoyenera kuchita

A kochi, phunzitsani kutera monga mmene mumaphunzitsira kuponya ndi kugoletsa. Wosewera aime pa sitepe kapena pa benchi yaifupi, adumphire pansi ndi miyendo yonse iwiri, inu muli kutsogolo kwake. Bondo liloze kumene kwaloza chala chachiwiri cha phazi. Matako abwerere kumbuyo ngati akufuna kukhala pa mpando, ndipo phazi lisamveke phokoso. Akazolowera, ayambe kutera ndi mwendo umodzi n'kuima osagwedezeka masekondi atatu. Zimenezi muziyamba nazo osewera asanatope, kuti thupi liphunzire njira yoyenera. Pakapita masabata angapo muzibwerezanso pang'ono kumapeto kwa mapulakatisi, muone ngati bondo likugwirabe mzere munthu atatopa. Likayamba kugwera mkati, imitsani, zakwana tsiku limenelo.

Limbitsani matako ndi kumbuyo kwa ntchafu. Sizifuna jimu. Kunjuta ndi kudzuka, kugona chagada n'kumakweza chiuno, kugona cham'mbali n'kumakweza mwendo, kuima ndi mwendo umodzi mnzako akukuponyera mpira, zonsezi zimatheka pa bwalo la fumbi. A mpira wa miyendo ali ndi ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20, imene inapezeka kuti imachepetsa kuvulala ngati timu ikuichita kawiri kapena kuposa pa sabata. Imapezeka pa intaneti mwaulere.

Wotopa mutulutseni, ngakhale ali shuta wanu wodalirika. Pa mabonanza timu imodzi imatha kusewera magemu atatu kapena anayi tsiku limodzi, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ana atangomwa tiyi m'mawa. Konzani madzi okwanira ndi chakudya chopepuka monga nthochi, mbatata kapena phala, ndipo muzisinthasintha osewera. Amene wangochira malungo kapena kutsegula m'mimba asathamangire kubwerera mu gemu, minofu yake imatopa msanga. Yang'ananinso nsapato ndi bwalo. Simenti yong'ambika, maenje ndi miyala zimapotokola akakolo a munthu wotopa mosavuta.

Ngozi ikachitika

Musamukoke mwendo. Chizolowezi choti wina agwire m'khwapa wina akoke phazi kuti "abwezeretse" chimaonjezera kuwonongeka. Musamuthire madzi n'kumubwezera mu gemu. Mukhazikeni pansi, mwendo ukwezedwe pa chikwama kapena pa mpando. Kulungani ayezi m'kansalu n'kuika pamalopo mphindi 15 mpaka 20, kubwereza pakapita maola awiri kapena atatu m'masiku awiri oyamba. Mangani bandeji mosathinitsa. Masiku oyambawo musathowe ndi madzi otentha, musatikite mwamphamvu, ndipo musateme mphini.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati panamveka kulira kuti thu mkati mwa bondo, ngati latupa pasanathe maola ochepa, ngati munthuyo sangathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, ngati bondo likukana kuwongoka, kapena ngati likufooka lokha poyenda. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, monga cha Ndirande, Limbe, Zingwangwa kapena Chilomoni, ndipo iwo akutumizani ku Queens ngati pakufunika dokotala wa mafupa. Mwendo ukakhota moonekeratu, kapena phazi likachita dzanzi n'kuzizira, thamangirani ku Queens osadikira.

Dziwani kuti X-ray imaonetsa mafupa, osati mitsempha. Akakuuzani kuti fupa silinathyoke koma bondo likupitiriza kufooka, bwererani mukawauze. Amene wachitidwa opaleshoni ya ACL amafunika miyezi 9 mpaka 12 ya mafizo asanabwerere mu mpikisano, ndipo ululu ukatha sindiye kuti wachira. Wa mafizo ayambe waona kuti mwendo wovulalawo ukudumpha ndi kutera mofanana ndi unzake, ngakhale mwini wake atatopa.