Ayi, ku Chongoni simukapeza Akafula atakoka uta pamwala

Dzulo pa depoti ya Monkey Bay bambo wina amatsimikiza kuti zojambula zakale za m'mapanga a ku Dedza ndi Akafula akusaka ndi uta ndi mivi. Ambiri timaganiza choncho, komatu sizili choncho abale.

Ku Chongoni, ku Dedza komweko, kuli malo 127 ojambulidwa, UNESCO (nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe) inawazindikira mu 2006, ndipo zojambula zofiira zomwe amati ndi za Akafula zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira zina mkati mwa zinzake, osati alenje. Zoyerazo ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau, zinabwera pambuyo.

Anthu okoka uta aja timawaona pa foni ndi a kwina, ku Matobo ku Zimbabwe, ku mapiri a Drakensberg ku South Africa, ngakhale ku Spain, mwendo wina kutsogolo ngati akuthamangitsa nyama.

Sikuti kuno uta kunalibe ayi, kusajambula chinthu sikutanthauza kuti sunachigwire. Ndipo uta ndi wakale zedi, ku Sibudu ku South Africa anapeza nsonga zomwe akatswiri amati ndi za mivi, zopitirira zaka 60,000.

Pomwe Mwala wa Mphini wathu uja panjira ya Cape Maclear sanaujambule munthu, mphinizo ndi zachilengedwe.