Mankhwala achinyengo: zimene lamulo likunena ndi zimene wodwala angachite

Pa tsiku la msika simulephera kupeza munthu atayala thumba pansi, pamwamba pake makapisolo ofiira ndi achikasu ali m'kajumbo, dzuwa likuwaomba kuyambira m'mawa. Palibe bokosi, palibe dzina. Ukamufunsa amangoti, "Awa ndi a chifuwa, awa a m'mimba, mukufuna angati?" Malonda amenewa lamulo la dziko lino limawaletsa, ndipo mafunso ali m'munsiwa akufotokoza chifukwa chake.

Kodi mankhwala achinyengo ndi ati kwenikweni?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limawagawa pawiri. Oyamba ndi abodza enieni: wina wakonza mwadala piritsi la ufa kapena choko, nkulikuta ndi bokosi lofanana ndi la kampani yodziwika. Achiwiri ndi opangidwa ndi fakitale yovomerezeka koma osafika pa mlingo wake, mwina mphamvu yachepa, mwina mwalowa zoipa, mwinanso aonongeka posungidwa pamalo otentha. Kwa mayi amene mwana wake watentha thupi usiku, magulu awiriwa sasiyana: mwana sachira.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Mu 2017 WHO inalengeza kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 aliwonse amodzi amakhala abodza kapena osakwanira mlingo. Pa madandaulo amene bungweli linalandira, 42 pa 100 aliwonse anachokera ku Africa, ndipo otchulidwa kwambiri anali mankhwala a malungo ndi maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya, monga amoxicillin). Amenewa ndi amene timamwa kwambiri kuno.

Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ochokera ku India momwe munali poizoni wotchedwa diethylene glycol. Mabotolo ake anali okongola, olembedwa bwinobwino. Makolo aja sanalakwitse chilichonse, ankangofuna kuti ana awo asiye kutsokomola.

Ndani amayang'anira mankhwala m'dziko muno?

Ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mwachidule PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Lamuloli likuti mankhwala asanayambe kugulitsidwa ayenera kulembetsedwa ku PMRA, woitanitsa kuchokera kunja akhale ndi chilolezo, malo ogulitsira akhale ndi chiphaso, ndipo wopereka mankhwala akhale munthu wophunzira ntchitoyo ndi wolembetsedwa. Oyendera a bungweli ali ndi mphamvu zolanda mankhwala okayikitsa, ndipo wopezeka wolakwa amakayankha kukhoti. Mankhwala ambiri a m'zipatala za boma amadzera ku Central Medical Stores Trust, bungwe logula, kusunga ndi kugawa mankhwala m'zipatalazo.

Cholinga cha zonsezi nchakuti piritsi lililonse lizidziwika kumene lachokera. Likapezeka loipa, athe kulilondola ndi kuchotsa anzake onse m'mashelefu. La m'kajumbo lija palibe angalilondole.

Ndiye kuti Panado wa pa golosale ndi woletsedwa?

Ayi. Pali mankhwala ochepa, monga opha ululu wamba, amene amaloledwa kugulitsidwa m'sitolo ali m'mapaketi ake osatsegula. Koma amoxicillin, Bactrim, doxycycline ndi ena otere amafuna kuti dokotala akulembereni kaye. Wa pa okala akakugulitsani makapisolo atatu a amoxicillin chifukwa ndalama zanu zathera pomwepo, waphwanya lamulo, ndipo wakupwetekani ngakhale makapisolowo atakhala enieni.

Ngati mankhwalawo angochepa mphamvu, vuto lake nchiyani? Si bola kusiyana ndi kusamwa?

Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Titenge LA. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 24 pa masiku atatu, anayi m'mawa ndi anayi madzulo. Mapiritsiwo akakhala ndi theka la mphamvu, thupi limazizira pang'ono, munthu nkumati wachira, koma tizilombo tina tatsala m'magazi. Pakapita masiku malungo amabwerera, ndipo kwa mwana wamng'ono akhoza kufika pokomoka kapena kutha magazi. Tizilombo topulumukato ndi timene timaphunzira kupirira mankhwala.

Ife a Malawi nkhaniyi taiona ndi maso. Mu 1993 dziko lino linasiya chloroquine chifukwa anali atasiya kupha malungo, nkuyamba Fansidar. Pofika 2007 Fansidar nayenso anali atagonja, ndipo tinasamukira ku LA. Kumwa mlingo wosakwanira ndi imodzi mwa njira zofooketsera mankhwala chotere. LA akagonja, tidzavutika tonse, ngakhale amene sanagulepo piritsi pa msika.

Kuchipatala andiuza kuti mankhwala atha, ndikagule. Ndipite kuti?

Izi zimachitika, ndipo ndi zimene zimakankhira anthu kwa mavenda. Sindingamuweruze munthu amene wayenda makilomita ambiri nkubwerera chimanjamanja. Komabe pemphani kuti akulembereni dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake m'buku lanu la kuchipatala, kenako pitani ku famase kapena sitolo ya mankhwala yokhala ndi chiphaso cha PMRA. Kufunsa kuti muone chiphasocho si mwano. Mukapeza wina akugulitsa mankhwala olembedwa kuti ndi a boma, dziwani kuti ndi obedwa, ndipo ndi omwe aja munawasowa kuchipatala.

Ndingawazindikire ndi maso?

Nthawi zina. Yang'anani dzina la kampani yopanga, nambala ya gulu la mankhwalawo ndi tsiku lotha mphamvu, muone ngati zolembedwa pa bokosi zikufanana ndi za pa kapepala kokutira mapiritsi. Kayikirani zilembo zofufutika, mawu olembedwa molakwika, mapiritsi ofumbutuka kapena osiyana mtundu ndi amene mumamwa masiku onse, komanso mtengo wotsika modabwitsa. Koma achinyengo ena amakopera bokosi mwaluso moti ngakhale wa ku famase sangasiyanitse popanda kuyeza ku labotale. Nchifukwa chake malo ogulira ndi ofunika kuposa maso anu.

Ndamwa kale ndipo ndikukayika. Nditani?

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati ndi mwana, kapena ngati mkodzo wachepa, thupi latupa kapena latuluka zidzolo. Musataye bokosi, botolo kapena mapiritsi otsala, nyamulani zonse mukaonetse dokotala, ndipo mumuuze kumene munagula ndi tsiku lake. Achipatala ali ndi mafomu otumizira nkhani zotere ku PMRA, ndipo inunso mukhoza kukanena nokha ku bungweli kapena kupolisi. Ngati ndi ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, musangosiya kumwa muli kunyumba. Pitani nawo msanga kuti akawaone ndi kukupatsani ena.