Ndalama za kaboni ndi nkhalango zathu: mafunso ndi mayankho pa dongosolo la REDD+

Mawu akuti "ndalama za kaboni" afala kwambiri m'misonkhano ya m'midzi ku Mambwe, Nyimba, Petauke ndi Lundazi, m'chigawo cha Kum'mawa kwa dziko la Zambia, koma si onse amene anafotokozeredwa kumene dongosololi linachokera ndi zimene limafuna kwa mlimi.

Kodi REDD+ n'chiyani, ndipo inayamba bwanji?

Ndi dongosolo limene mayiko anagwirizana lakuti amene achepetsa kuwonongeka kwa nkhalango azilandira malipiro. Mtengo ukamakula umayamwa mpweya wa kaboni n'kuusunga m'thunthu ndi m'mizu, koma ukadulidwa n'kutenthedwa, mpweyawo umabwerera mumlengalenga n'kuwonjezera kutentha kwa dziko. Ganizoli linabwera ndi mayiko a Papua New Guinea ndi Costa Rica pa msonkhano wa zanyengo wa ku Montreal mu 2005. Malamulo ake anamalizidwa ku Warsaw mu 2013, ndipo Pangano la ku Paris la 2015 linalivomereza m'ndime yake yachisanu.

Nanga ndalamazo zimawerengedwa motani?

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, choncho tiyenera kumvetsetsa bwino. Malipiro sabwera chifukwa chakuti mudzi uli ndi mitengo yambiri, koma chifukwa chakuti kudula kwachepa poyerekeza ndi mmene zinkakhalira zaka zam'mbuyo. Akatswiri amayamba aona zithunzi za setilaiti kuti adziwe kukula kwa nkhalango imene inkatha chaka ndi chaka, kenaka amayezanso patapita nthawi, ndipo ofufuza oima paokha amatsimikizira zotsatirazo. Tani imodzi ya mpweya umene sunapite mumlengalenga ndiyo imagulitsidwa ngati chiphaso chimodzi. Ntchito yonseyi imatenga zaka, n'chifukwa chake ndalama zimachedwa. Komanso owotcha makala akangosamukira m'nkhalango ya mfumu yoyandikana nayo, phindu lowerengedwa limachepa, pakuti mitengo yadulidwabe. Ichi ndi chifukwa china chimene pulogalamu ya ndalama za kaboni yothandizidwa ndi World Bank imawerengera chigawo chonse cha Kum'mawa pamodzi.

Mudzi ungalowe bwanji?

Lamulo la nkhalango la 2015, pamodzi ndi malamulo ake a 2018, limalola anthu kupanga gulu loyang'anira nkhalango ya m'dera lawo. Gululo limafunika chilolezo cha mfumu, malire odziwika ndiponso mgwirizano ndi Dipatimenti ya Zankhalango.

Kodi tidzaletsedwa kulowa m'thengo?

Zimadalira malamulo amene gululo lagwirizana. Kawirikawiri chimene chimaletsedwa ndi kuwotcha makala, kutsegula minda yatsopano ndi kutentha tchire mochedwa udzu utauma, pamene kuzula bowa, kutola masuku, kuweta njuchi ndi kutola nkhuni zouma zimapitirira. Msonkhano wa zanyengo wa ku Cancun wa 2010 unanena kuti ufulu ndi nzeru za eni dera zilemekezedwe, ndiponso kuti iwo azitenga nawo mbali mokwanira. Ine ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa mtengo wa chiphaso, chifukwa mayi wamasiye amene amadalira thumba la makala kuti agule ufa sangasiye ntchitoyo ngati sanapeze njira ina yodyetsera ana ake.

Tifunse chiyani tisanasaine?

Anthu apemphe kuti mgwirizano uwerengedwe poyera m'chilankhulo chawo, amayi ndi achinyamata alipo. Adziwe zaka zimene udzatenge, popeza ina imafika zaka makumi atatu, kutanthauza kuti ikukhudza ana amene lero ali kusukulu. Afunsenso kuti pa ndalama zogulitsa ziphaso, ndi gawo lotani lopita kwa kampani yoyendetsa ntchitoyi, kwa boma, kwa mfumu ndi kumudzi, ndani adzasunga buku la ndalama, ndiponso kuti munthu wodandaula adzapita kwa yani.