Injini yamphamvu siyokwanira kukokera kalavani

Ambiri akafuna galimoto yokokera kalavani amangoyang'ana kulemera kumene kampani inalemba kuti galimotoyo ingakoke. Apa m'pamene amaphonya. Kalavani imatsamiranso pa chokolekera cha kumbuyo, ndipo magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse a kulemera kwake amagwera pamenepo. Kalavani ya makilogalamu 2,000 imasenzetsa galimoto makilogalamu 200 mpaka 300. Onjezanipo anthu ndi zikwama, mupeza kuti malire a katundu, amene m'magalimoto ambiri amalembedwa pafupi ndi chitseko cha dalaivala, mwawapitirira kale. Kumbuyo kumatitimira, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero sichimveranso bwino.

Komanso musaunjike katundu kumbuyo kwa kalavani pofuna kupepuza galimoto. Pa liwiro imayamba kugwedezeka uku ndi uku, mpaka kutulutsa galimoto mumsewu.