Agogo opezeka ali maliseche m'mamawa sanagwe pa lichero, akudwala

Kanema wa mtundu umenewu akangoyamba kuzungulira pa WhatsApp, ndimadziwiratu zimene zilimo. Nkhalamba yakhala pansi pabwalo la eni, ilibe chovala, thupi lonse fumbi, anthu aiunjirira. Wina akufunsa mokalipa kuti mwachokera kuti, munali ndi yani, mwadya angati. Agogo aja akuyankha zosagwirizana, akutchula mudzi wakutali ndi mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Pansi pake alembapo kuti mfiti yagwa pa lichero. Ine ntchito yanga ndi ya matenda a m'maganizo, ndipo nkhope imene inu mukuiseka m'kanemayo ndi imene ndimaiona m'wodi sabata ndi sabata. Ndatopa kufotokoza chinthu chimodzimodzichi kwa achibale amene amabwera zinthu zitaonongeka kale, n'chifukwa chake ndalemba.

Sindikukangana nanu zakuti ufiti ulipo kapena kulibe. Mkangano umenewo uli m'mipingo, m'misikiti, m'maminibasi ndi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo sutha lero. Changa n'chakuti zizindikiro zonse zimene mumati ndi umboni, kuyenda usiku, kuvula, kubwebweta, kulankhula ndi akufa, ngakhale kuvomera mlandu, ndi zizindikiro za matenda amene ali ndi mayina, ndipo ena a iwo amachizika m'masiku ochepa.

Pali matenda oiwalaiwala, amene kuchipatala timati dementia. Awa amabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Ubongo umaonongeka, nthawi zambiri chifukwa cha matenda a Alzheimer kapena timasitiroko ting'onoting'ono tobwera ndi BP yosasamalidwa. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono, ndiye musamati ndi matenda a azungu. Choyamba kufufutika ndi za posachedwa, za kale zimatsala. Agogo sakumbuka kuti adya nsima masana, koma akukumbuka bwino njira ya kwawo kumene anabadwira. Dzuwa likamalowa msokonezo umakula. Pakati pa usiku amadzuka kuti apite "kwawo", kapena kumunda umene anasiya kulima zaka makumi awiri zapitazo. Amayenda mtunda wautali, adzinyowetsa, avula chitenje chifukwa chikuwanyansa, mphamvu zikatha amakhala pansi pa khonde la munthu wina. Kukacha ndi pomwe mumawapezapo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi chachiwiri, kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, delirium. Munthu anali bwino dzana, lero sakuzindikira ana ake, akuona njoka pakhoma, akutola zinthu zosaoneka pa bulangete, m'mawa akuoneka ngati wachira, madzulo zayambiranso. Uyu sikuti wapenga. Thupi lake lili ndi matenda amene afika pogwedeza ubongo, ndipo akhoza kufa. Kwa munthu wokalamba malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo nthawi zina satenthetsa n'komwe thupi, chizindikiro chokhacho chimakhala kusokonezekako. Abambo okalamba amene mkodzo watsekeka chifukwa cha kutupa kwa prostate amabwebweta mpaka titawaika paipi, mkodzo ukatuluka nzeru zimabwerera. Kutha madzi m'thupi, kugwa n'kumenyetsa mutu magazi n'kumadontherera m'kati kwa masabata, chindoko chakale chimene chakwera ku ubongo, HIV yosadziwika, zonsezi timaziona. Ndipo pali shuga. Agogo odwala shuga amene amamwa mapiritsi a glibenclamide kapena kubaya insulin, akapanda kudya, shuga amatsika, amatuluka thukuta, amanjenjemera, amalankhula zosamveka, amatha kulusa. Apa sitiwerenga masiku, timawerenga maola. Madzi a shuga akanawadzutsa pompo, koma inu mwawatsekera m'chipinda kudikira mneneri abwere mawa.

Pali mayi mmodzi amene nkhani yake imandivutabe. Anali wamasiye, ankakhala yekha, ana ake onse ali kutauni. Chaka chimenecho kunali njala, ndipo chakudya chake chinali nsima ya ufa woyera, ndiwo zake mchere kapena timasamba. Anayamba kutsegula m'mimba, kenako kuiwala, kenako kuyendayenda usiku. Tsiku lina anamupeza m'mamawa pafupi ndi manda. Khungu la kunja kwa manja, la pamapazi ndi la m'khosi linali lakuda, lokhakhala, losupuka ngati wapsa. Anthu anati ndi moto wa kumanda wamuwaula. Anamufunsa mafunso, anavomera zonse, ngakhale imfa ya mwana amene anamwalira ndi malungo kuchipatala. Nyumba yake anaitentha tsiku lomwelo. Achibale, pofuna kumuthandiza m'mene ankadziwira, anamutengera kwa mneneri wina, kumene anakhala masabata angapo atamangidwa mwendo, akusala kudya kuti chiwanda chituluke. Munthu wodwala matenda a njala, akumusalitsa kudya.

Atafika kwa ife sitinafunike makina aliwonse. Khungu lija linanena lokha kuti ndi pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini wa niacin, amene amagwira anthu odalira chimanga chokha popanda mtedza, nyemba, nsomba kapena nyama. Zizindikiro zake zitatu aliyense wophunzira zachipatala amaziloweza: khungu lokhala ngati lopsa pamalo powomba dzuwa, kutsegula m'mimba, ndi kusokonezeka mutu. Si matenda achilendo kuno. Mu 1990 anagwira anthu oposa 18,000 pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'Malawi muno, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira. Amagwiranso akumwa kachasu kwambiri, ndi ena amene akumwa isoniazid, mankhwala oteteza ku TB. Tinam'patsa mapiritsi a nicotinamide, otchipa kwambiri, madzi a m'diripi ndi chakudya. Pasanathe sabata anayamba kucheza bwinobwino, kufunsa za nkhuku zake, kupempha kuti wina akaone ngati denga silikudontha. Za kumanda sankakumbukako kalikonse. Tinachita kumufotokozera kuti nyumba kulibe.

Matenda tinachiza, koma kanema amene anamujambula kumanda kuja anali atafika kale m'foni ya aliyense. Kumudzi anakana kumulandira ponena kuti anavomera yekha ndi pakamwa pake, ndipo ena anati kuchira kwake msanga ndi umboni wakuti ndi wokhwima. Anakakhala kwa mwana wake kutauni, m'kachipinda kamodzi, osatuluka panja chifukwa cha manyazi a zinthu zimene sanachite. Akanabwera naye pamene kutsegula m'mimba kunayamba, kumanda kuja sakanafikako.

Za kuvomerazi ndiimepo, chifukwa ndi pamene ngakhale anthu ophunzira amandigwira nazo pakamwa. "Nanga bwanji anavomera yekha?" Munthu amene ubongo wake wasokonezeka amadzaza mipata ya zimene waiwala ndi chilichonse chimene mwamuikira m'funso. Mukafunsa kuti munali ndi uje, ayankha kuti eya. Sakunama mwadala, iye akuona ngati akukumbukadi. Onjezanipo kuti makutu sakumva bwino, maso ali ndi ng'ala, wazunguliridwa ndi anyamata onyamula zibonga, ndiponso analeredwa kuti pagulu sutsutsana ndi amfumu. Ine m'wodi ndikhoza kumuvomeretsa munthu wotere kuti dzulo tinali limodzi ku Johannesburg, ndipo angandiuze ndi zimene tinadya kumeneko. Enanso ndi odwala matenda a kukhumudwa kwakukulu, amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti imfa zonse za pabanja ndi mlandu wawo. Awa amabwera okha kudzadzinenera, ndipo ali pachiopsezo chodzipha. Afunika mankhwala ndi kuwayang'anira, osati bwalo.

N'chifukwa chake pa mkangano wa lamulo ndili ndi mbali, ndipo sindibisa. Lamulo la za ufiti limene tili nalo ndi la 1911. Limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, limaletsa mwabvi, limaletsa ntchito yosaka mfiti, komanso limaletsa munthu kudzionetsa ngati mfiti. Kumapeto kwa 2021 komiti yapadera ya Law Commission, bungwe lounikanso malamulo a dziko lino, motsogozedwa ndi jaji wopuma Robert Chinangwa, inapereka maganizo akuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo ndipo ochita ufiti azilangidwa. Ogwirizana nazo amati lamulo lakalelo ndi la atsamunda, ndipo anthu amalanga okha chifukwa makhoti sawamvera. Ndikuwamva. Koma andiuze kuti umboni m'khotimo udzakhala chiyani. Udzakhala mawu a sing'anga, maloto a mwana, ndi kuvomera kwa nkhalamba yodwala. Tinaziona kale cha m'ma 2010, pamene makhoti ang'onoang'ono anatsekera anthu ambiri okalamba pa milandu yokhudza ufiti, mpaka a George Thindwa ndi bungwe lawo la Association for Secular Humanism anachita kuyenda m'ndende kuwamenyera nkhondo kuti atuluke. Kumanga kumeneko sikunaletse kupha. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi za banja limodzi mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu Disembala 2022 dziko lonse linaonera kanema wa ku Mzimba, amayi awiri okalamba akuzunzidwa pamaliro, akukakamizidwa kukwirira manda. Nyumba ya Malamulo inachita bwino kuvomereza lamulo loteteza anthu okalamba mu 2024, ndipo a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oimira anthu okalamba, akhala akufuula za nkhanzazi kwa zaka. Boma silingateteze agogo ndi lamulo limodzi, n'kupanganso lina lowatengera kukhoti chifukwa cha zizindikiro za matenda.

Tsono kwa asing'anga ndi aneneri. Ndikudziwa abusa, ansembe ndi mashehe amene amabweretsa okha odwala kuchipatala pa galimoto zawo, n'kumawapempherera ali pa bedi diripi ili pamkono. Amenewo ndi anzathu pa ntchito. Amene ndikunena ndi aja otenga mbuzi ndi ndalama kuti aloze amene walodza, aja omanga odwala ndi unyolo, otema mphini ndi lezala limodzi, omwetsa zitsamba zosanzitsa munthu amene madzi atha kale m'thupi, ouza wodwala shuga kapena BP kuti ataye mapiritsi chifukwa wadzozedwa mafuta. Tsiku lililonse limene wodwala wakhala kumeneko, impso zikuuma, chibayo chikufalikira, magazi akuunjikana m'mutu. Akaona kuti zavuta ndi pamene amakuuzani kuti zauzimu zatha, tsopano pitani kuchipatala, kuti maliro asachitikire pakhomo pawo. Ndipo pali akatangale atsopano a pa Facebook ogulitsa ufa ndi timabotolo "tobwezeretsa nzeru". Kufikira lero palibe mankhwala ochiziratu Alzheimer, kuno kapena ku London. Wokuuzani kuti ali nawo akufuna ndalama zanu.

Inunso a pakhomo, lekani kuwagulira agogo mapiritsi ogonetsa. Diazepam ndi Piriton amawonjezera msokonezo kwa okalamba ndipo amawagwetsa, mwendo n'kuthyoka. Kuwamanga pa mtengo kapena kuwakhomera m'nyumba yamdima kumawonjezera mantha ndi ukali. Ngati ndi matenda oiwalaiwala enieni, chothandiza ndi zinthu wamba: azigona ndi munthu m'nyumba, nyale ikhale yoyaka, adye ndi kumwa pa nthawi yake, masana azikhala panja ndi anthu akusenda nyemba kapena kutola mtedza kuti usiku agone. Musamakangane nawo akati amayi awo akuwaitana, ingowatembenuzirani ku nkhani ina. Ndipo chachikulu, musabise. Kauzeni amfumu, a mpingo ndi oyandikana nawo kuti agogo akudwala, mukawaona akuyenda okha muwabweze kunyumba. Mabanja ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, ndiye tsiku limene agogo asochera mudzi wonse ulibe chifukwa china chofotokozera koma ufiti. Sokererani kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni pa zovala zawo.

Mukapeza nkhalamba yosadziwika pabwalo panu m'mamawa, ifunditseni chitenje, ichotseni pagulu, ngati ikutha kumeza ipatseni tiyi wa shuga kapena phala, itanani amfumu ndi apolisi, ndipo wina athamangire kabaza. Foni ija imene mukufuna kujambulira, imbirani mlangizi wa zaumoyo. Simufunika kuyamba mwapita ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Kuyeza malungo ndi shuga kumatheka pafupi, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena madokotala a matenda a m'maganizo amene angakutumizeni patsogolo ngati pafunika.

Mukafika, musangonena kuti agogo apenga, chifukwa mawu amenewo akhoza kuwaikitsa pa mzere wolakwika. Nenani tsiku limene zinayamba, ngati zinabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ngati anagwa, ngati akukodza, ngati akudya, ngati amamwa mowa. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba, a kuchipatala, a kugolosale ndi a kwa sing'anga omwe. Sitikukalipirani chifukwa cha zitsambazo, tikufuna kudziwa chimene chalowa m'thupi. Ndipo ngati msokonezo wayamba usiku uno, nyamukani usiku womwe uno, musadikire kuti mwana wa kutauni atumize ndalama Loweruka.